Ojambula makanema, tiyambe tagula nyale zabwino tisanagule kamera ina

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko kudzera m'nyuzipepala yanu ndi anzanga ojambula makanema kuno ku Mzuzu, komanso ndi amalonda amene amatibweretsera zida. Nkhani yanga ndi ya nyale. Achinyamata ambiri amene alowa ntchitoyi akumathira ndalama zonse pa kamera ndi lenzi, nyale n'kuyiika kumapeto, kapena kungotola iliyonse imene aipeza mu hadiweya. Zotsatira zake tonse tikuziona pa Facebook, pa YouTube ngakhalenso pa ma TV athu. Diresi la mkwatibwi lili mbee koma nkhope yake ili bii, maso okha ndi mano ndiwo akuoneka. Kwaya yasoketsa yunifolomu yofiira bwino, pa kanema yatuluka yofiirira. Abusa akulalikira, nkhope ili yotuwa mobiriwira. Zimenezi zimandipweteka mtima, chifukwa anthu amene amatilemba ntchito amakhala atasonkha ndalama miyezi yambiri, ndipo tsikulo silidzabweranso.

Ine ndine wa ku Kasungu, koma ndakhazikika kuno ku Chibavi. Ndimajambula maukwati, zinkhoswe ndi nyimbo za makwaya, ndipo nthawi zina ndimatumidwa kukacheza ndi alimi a khofi kumapiri kapena asodzi kunyanja ku Nkhata Bay. Pamene ndinkayamba, tinkanyamula nyale za halojeni za mawati 500, zija amawunikira nazo pomanga nyumba usiku. Kunena zoona zinkaonetsa khungu bwino, koma zinkawotcha koopsa. Akwati ankatuluka thukuta, zodzoladzola n'kumayenderera, ndipo ukayatsa zitatu pa soketi imodzi wafika mawati 1,500, waya wa ekisitenshoni wayamba kununkha. Magetsi akathima ndiye kuti ntchito yathera pomwepo. Lero nyale ya LED ya mawati 60 ikuwala mokwanira kujambulira munthu m'chipinda, siwotcha, ndipo zambiri zimayaka ndi batire. Uwu ndi mwayi waukulu kwa ife osauka. Koma mwayiwu tikuuwononga chifukwa chosadziwa kusankha.

Poyamba pali bodza la mawati. Pa katoni pamalembedwa 100W kapena 200W ndi zilembo zikuluzikulu, wogula n'kusangalala. Mawati amangonena kuchuluka kwa magetsi amene nyale ikudya, ndipo pa makatoni ambiri otchipa nambalayo ndi yongokometsera malonda. Tembenuzani adaputala yake muwerenge. Ngati palembedwa 12V ndi 2A, chulukitsani, mupeza 24. Nyale imeneyo singadye kuposa mawati 24, katoni inene zimene inganene. Opanga oona mtima amalemba ma lux, muyezo wa kuchuluka kwa kuwala, amene nyale ikupereka pa mtunda wa mita imodzi, ndipo nambala imeneyo ndi imene mungayerekezere nayo nyale ziwiri.

Koma vuto lenileni, limene landichititsa kulemba kalatayi, ndi la mtundu wa kuwala. LED yoyera mkati mwake si yoyera ayi. Ndi kachipangizo kotulutsa kuwala kwa buluu, kopakidwa pamwamba mankhwala achikasu otchedwa phosphor. Kuwala kwa buluu kukamenya mankhwalawo kumasakanikirana ndi kwachikasu, maso athu n'kumaona ngati koyera. Akatswiri atatu a ku Japan, Isamu Akasaki, Hiroshi Amano ndi Shuji Nakamura, ndi amene anapeza njira yopangira LED ya buluu yowala bwino, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 2014. Tsopano opanga nyale zotchipa kwambiri amachepetsa mtengo pa mankhwala aja. Amaika achikasu okhaokha, osawonjezera otulutsa kufiira, chifukwa amenewo ndi odula komanso amachepetsako kuwala. Nyaleyo imawala ndithu, mwinanso kuposa yabwino, koma m'kuwala kwake mulibe kufiira kokwanira.

Kwa ife a khungu lakuda imeneyi si nkhani yaing'ono. Tayang'anani mkono wanu padzuwa la m'mawa. Si wakuda chabe. Muli kufiira, muli kufiirira, pena muli kachikasu, ndipo zimenezi ndi zimene zimaonetsa kuti munthu ali ndi moyo, ali ndi magazi. Khungu limabweza kuwala kokhako kumene lalandira. Ngati nyale sinatumize kufiira, khungu lilibe choti libweze, ndipo kamera imajambula munthu wotuwa. Anzanga ena amati adzakonza pa kompyuta. Ndakhala usiku wambiri pa kompyuta ndipo ndikukuuzani kuti sizitheka bwinobwino. Ukawonjezera kufiira kuti nkhope ibwerere, diresi loyera limasanduka la pinki, makoma nawo amafiira. Chimene nyale sinapereke pa tsiku la ukwati simungadzachipeze Lolemba.

Pali nambala yotchedwa CRI imene imayesa zimenezi, ndipo imalekezera pa 100. Dzuwa ndi babu lakale la waya zimafika pa 100 kapena pafupi pomwepo. Mababu ambiri a m'nyumba ali cha m'ma 80, ndipo nyale zowunikira panja zina zili pansi pa apo. Ya kanema iyenera kukhala 95 kapena kuposa. Komabe musaikhulupirire kwambiri nambalayi. Imapezeka poyesa mitundu 8 yofuwirira, ndipo kufiira kwenikweni, kumene amakutcha R9, sikuli m'gulu limenelo. Nyale ikhoza kukhala ndi CRI yooneka bwino koma R9 yake ili pansi. Wopanga akalemba R9 payokha, kapena nambala ina yotchedwa TLCI imene anaikonzera makamera a TV, ndiye kuti akudzidalira. Koma popeza katoni aliyense angathe kusindikiza chimene akufuna, ine ndimadalira kuyesa ndekha.

Ndikamapita kukagula nyale ndimatenga tomato wakupsa, kachidutswa ka chitenje chokhala ndi maluwa ofiira, ndi pepala loyera. Ndimayamba ndajambula zinthuzi panja pamthunzi, pamodzi ndi dzanja langa, kumbuyo ndi kuchikhatho komwe. Kenaka ndimalowa mu shopu, kupempha kuti ayatse nyaleyo pakona pamene palibe kuwala kwina, kukonza white balance (kuuza kamera chimene chili choyera) pa pepala lija, n'kujambulanso. Zithunzi ziwirizo ukaziika pamodzi, choonadi chimaonekeratu. Pa nyale yoipa tomato amasanduka wofiirira ngati wayamba kuwola, chikhatho chimatuwa, ndipo pepala limakhala ndi kabiriwiri m'mbali. Wamalonda wina m'tauni muno, bambo wachikulire amene amakaoda katundu ku Dar es Salaam, poyamba ankandidabwa. Tsiku lina anati, "Achimwene, tandionetsani chimene mumaona pa tomato wanuyu." Nditamuonetsa anakhala chete kanthawi, kenaka anatsitsa nyale zina zitatu pa shelefu kuti tiyesenso. Yotchipa kwambiri mwa zinayi zija sinali yoipitsitsa, ndipo yodula sinali yopambana. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mphindi khumi za mu shopu zimapulumutsa ntchito ya chaka chonse.

Chachiwiri choyesa pomwepo ndi kuphethira. Magetsi athu ndi a 230V pa 50Hz, kutanthauza kuti nyale yosakonzedwa bwino imawala ndi kuzilala ka 100 pa sekondi imodzi. Maso saona, koma kamera imaona, ndipo pa kanema pamatuluka mizere yakuda yoyenda kuchokera pamwamba kutsika pansi. Makamera ndi mafoni ambiri amabwera atatcheredwa pa mafelemu (zithunzi) 30 pa sekondi, mogwirizana ndi magetsi a ku America a 60Hz. Kuno tcherani kamera pa PAL, kutanthauza mafelemu 25 kapena 50, shata (nthawi imene kamera imalandira kuwala pa chithunzi chilichonse) pa 1/50 kapena 1/100, ndipo mizere yambiri itha osalipira tambala. N'chimodzimodzinso ndi zimene ma TV athu amafuna, choncho kwaya yofuna kuti nyimbo yake ikaulutsidwe imapindula kawiri. Pa jenereta samalani, chifukwa majenereta ang'onoang'ono sakhazikika pa 50Hz yeniyeni, ndipo mizere ikhoza kubwerera ngakhale mwatchera bwino.

Palinso kuphethira kwina kochokera mu nyale mwenimwenimo. Nyale zambiri zotchipa ukamazichepetsa kuwala, sizichepetsa mphamvu ayi, zimangoyaka ndi kuthima mwachangu kwambiri. Ikakhala pa 100 peresenti ilibe vuto, koma ukaitsitsa kufika pa 20 kapena 10 mizere yayamba. Ndiye poyesa, itsitseni mpaka pansi, tsegulani slow motion pa foni yanu, lozetsani pa khoma limene nyaleyo ikuwunika. Ngati khomalo likuphethira, isiyeni, makamaka ngati mumakonda kujambula anthu akuvina kapena akuponya ndalama pa perekaniperekani kuti mudzaziyendetse pang'onopang'ono.

Za kutentha kwa mtundu, kutanthauza ngati kuwala kuli kofiirira kapena kwabuluu, ndingodutsamo mwachidule. Nambala ya 3200K ndi kuwala kofiirira kwa mababu akale, 5600K ndi kuwala kwa masana. Mababu a m'nyumba olembedwa cool daylight nthawi zambiri ndi 6500K, abuluu kuposa dzuwa. Mukasakaniza mitunduyi pa nkhope imodzi, tsaya lina limakhala labuluu, lina lachikasu. Nyale zotha kusintha kuchoka pa 3200K kufika pa 5600K n'zothandiza, koma dziwani kuti pa mapanelo ambiri, nyale zafulati zija za timababu tambirimbiri, theka la timababu take ndi la mtundu umodzi, theka linalo ndi la mtundu wina, kotero mukaika kumapeto kulikonse mukugwiritsa theka la nyale yokha. Popeza ntchito zathu zambiri zimachitika masana m'matchalitchi ndi m'nyumba zokhala ndi mawindo, ine ndimalangiza woyamba kuti agule ya 5600K yokhayokha. Pa ndalama yomweyo amapeza kuwala kochuluka.

Tsopano ngakhale nyale itakhala ya mtundu wabwino, kaikidwe kake kakhoza kuwononga zonse. Chizolowezi chimene chafala ndi chomangirira kanyale kakang'ono pamwamba pa kamera n'kumawunika anthu kumaso kwenikweni. Khungu lathu limanyezimira, makamaka munthu akadzola mafuta kapena akatuluka thukuta. Kanyale kakang'ono kamasiya kadontho kowala kwambiri pachipumi ndi pamphuno, kwina konse n'kukhala mdima, ndipo wojambulidwayo amatsinzina chifukwa kakumulasa m'maso. Kuwala kochokera pa chinthu chachikulu kumafalikira tsaya lonse mofewa, n'kuonetsa mmene nkhope inaumbikira. Choncho chinsinsi ndi kukulitsa pochokera kuwala, ndi kuikako pambali pang'ono, osati pamzere umodzi ndi lenzi. Palinso lamulo la mtunda limene wojambula aliyense ayenera kulisunga pamtima: mukachotsa nyale pa mita imodzi kuika pa mamita 2, kuwala kofika pa munthu kumatsala gawo limodzi la magawo 4. Pa mamita 4 kumatsala gawo limodzi la magawo 16. Amene amaima kumbuyo kwa holo ndi kanyale kake akungomaliza batire.

Ndipereke chitsanzo cha ntchito ina imene ndinagwira ku Masasa. Banja lina linafuna kuti ndijambule agogo awo akufotokoza mbiri ya mtundu wawo, kumene anachokera ndi mmene anafikira kuno, kuti zidzukulu zimene zili ku Johannesburg zidzamve. Nyumba yake ndi ya njerwa zosapaka, kawindo kamodzi kakang'ono, ndipo kunja kunali chifunga chija cha mu Juni chimene chimatha kukhala mpaka masana. Ndinawakhazika agogo pampando patali pang'ono ndi khoma. Ndinamanga chingwe kuchokera pa msomali wa kalendala kufika pa chitseko, n'kupachikapo shiti loyera la pabedi, pafupifupi mita imodzi kuchokera pa phewa lawo lamanja. Kuseri kwa shitilo ndinaika panelo yanga ya batire. Mbali inayo mdzukulu wawo anandigwirira chidutswa cha zoyera zopepuka zija zimabwera m'makatoni a mafiriji, kuti chibweze kuwala pang'ono ku tsaya lamanzere. Kumbuyo, pamwamba pa kabati, ndinaika kanyale kakang'ono kolozera pa duku ndi mapewa, kuti asamire mu mdima wa khoma. Agogo anati, "Mwana wanga, getsi lakoli silikulasa m'maso." Anayankhula momasuka kupitirira ola, osatsinzina, ndipo pa kanemayo makwinya a m'mbali mwa maso akuoneka limodzilimodzi, mikanda ya m'khosi ikuoneka mitundu yake yonse. Zida zonse za tsikulo zinakwana m'chikwama chimodzi pa njinga ya kabaza, imene kuno timati sakaramento, kupatula sitandi imene ndinaigwira m'manja.

Ndikutchula zimenezi kuti wina asanene kuti kuwunika bwino ndi kwa olemera. Shiti, ambulera yoyera, pepala lophikira makeke loikidwa patsogolo pa panelo, katoni yomatidwa pepala lonyezimira lokutira zakudya, denga loyera la siling'i limene mungalozetseko nyale kuti kuwala kutsike mofewa, zonsezi zili m'manja mwathu. LED siwotcha ngati halojeni, ndiye nsalu ingayandikire popanda mantha, ngakhale kuti nyale zamphamvu za mtundu wa COB, zija za diso limodzi lalikulu, zimatenthabe ndipo simuyenera kutseka mabowo ake otulutsira mpweya.

Nanga munthu agule chiyani? Sindine wamalonda ndipo palibe kampani imene yandituma, koma ndinene zimene ndagwirapo. Mapanelo ngati Yongnuo YN300 kapena Neewer 660 amayaka ndi mabatire a mtundu wa Sony NP-F, ndi opepuka, ndipo amakwana kucheza ndi munthu mmodzi kapena awiri. Godox SL60W ndi nyale ya mawati 60 ya 5600K, yokhala ndi pakamwa pa mtundu wa Bowens pomwe mungalumikizepo softbox (bokosi la nsalu lofewetsa kuwala) ya kampani iliyonse yotsatira mtundu umenewo. Imawala kuposa mapanelo aja, koma imafuna magetsi a pa soketi, ndipo ili ndi fani imene imamveka m'chipinda chachete ngati maikolofoni ali pafupi. Amaran ndi Nanlite alinso ndi nyale za kukula komweko, zina zotha kuyaka ndi batire, pa mtengo wokwererapo. Kwa ine, woyamba ntchito agule nyale imodzi yabwino ndi sitandi yolimba, osati zitatu zokayikitsa. Nyale za ring zija zimathandiza ojambula nkhope yawo pa TikTok ali pafupi, koma pa ukwati zilibe ntchito. Zamitundumitundu za RGB zidikire kaye. Ndaona makanema a nyimbo zauzimu momwe oimba apakidwa buluu ndi pepo mpaka sungazindikire kuti woimbayo ndi ndani, pamene mayi ake kumudzi akufuna kuona mwana wawo.

Sitandi musaichepetse. Mphepo ya kuno imagwetsa softbox mosavuta mukajambulira panja. Sokani timatumba ta jinzi yakale, thiranimo mchenga, muziika pa miyendo ya sitandi, makamaka pa ukwati pomwe ana amathamangathamanga.

Nkhani ya mabatire ndi yofunika kuikhalira pansi. Tonse tikukumbukira mmene zinalili namondwe Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yopitirira chaka. Nthawi imeneyo inatiphunzitsa kuti wojambula wodalira soketi yokha alibe ntchito yodalirika. Batire la NP-F970 lenileni ndi la 7.2V ndi 6600mAh, kutanthauza ma watt-hour (muyezo wa mphamvu yosungidwa m'batire) pafupifupi 47. Awiri otere pa panelo ya mawati 40 amakufikitsani maola awiri ndi pang'ono mutayatsa mpaka pamapeto, ndipo kuposa apo mukatsitsako. Pamsika pali mabatire olembedwa manambala aakulu kuposa amenewa koma ukawanyamula ndi opepuka. Kulemera kwa batire kumanena zambiri, chifukwa mphamvu imakhala m'maselo a mkatimo, ndipo lopepuka ndiye kuti maselo ndi ochepa kapena ndi achabe. Amene ali ndi batire la sola la 12V 100Ah kunyumba ali ndi chuma. Muli ma watt-hour 1,200, ndipo mukagwiritsa theka lokha kuti batire lisafe msanga, nyale ya mawati 60 kudzera pa inveta ikhoza kuyaka maola 7 kapena 8. Kulemera kwake ndiye vuto, koma pa chinkhoswe cha kumudzi komwe kulibe magetsi n'komwe, limagwira ntchito mwakachetechete, pamene jenereta imalowa m'mawu a ankhoswe.

Mukamagwiritsa magetsi a pa soketi, ikani chotetezera ngati chija timaika pa firiji, chifukwa zida zambiri zimapsa pa nthawi imene magetsi akubwerera. Mapulagi a zida zochokera ku China nthawi zambiri sagwirizana ndi masoketi athu a mano atatu. M'malo molowetsa mokakamiza ndi kamtengo, dulani pulagiyo muike ya kuno yokhala ndi fyuzi. Ndipo poti kuno kumagwa mvula yambiri ndi chinyontho, musasiye nyale ndi mabatire pansi pa simenti. Sungani m'bokosi lotseka bwino pamodzi ndi timapaketi tija toyamwa chinyontho timabwera m'mabokosi a nsapato.

Ndikudziwa kuti wina anena kuti zonsezi ndi ndalama. Ndi zoona. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo chilichonse chodutsa pa Songwe kapena chotsika ndege ku Lilongwe chinakwera mtengo. Koma ndi chifukwa chomwechi chimene ndikunenera kuti tiganize bwino pogula. Ndalama imene mnyamata amawonjezera kuti achoke pa kamera yabwino kupita pa ina yatsopano ikanamugulira nyale, sitandi, softbox ndi mabatire, ndipo makanema ake akanasintha kwambiri kuposa mmene kamera yatsopanoyo ingawasinthire. Foni yapakatikati pa kuwala kwabwino imatulutsa chithunzi choyera kuposa kamera yodula mu mdima, chifukwa kamera iliyonse ikasowa kuwala imakweza ISO, ndiko kukuza kuwala kochepa kumene yalandira, chithunzi n'kudzaza timadontho, ndipo timadonthoto timayambira m'malo akuda, momwe muli nkhope zathu.

Kwa amalonda a m'tauni muno, a ku msika wa Taifa ndi a m'mashopu ena, pempho langa ndi ili: tiloleni tiziyesa tisanalipire. Ikani soketi imodzi pakona, muyatse nyale wogula aone. Mukapita kokaoda, funsani za CRI ndi za kuphethira, ndipo bweretsaninso zinthu zing'onozing'ono zimene timazisowa mpaka kuitanitsa ku Lilongwe kapena ku Blantyre, monga machaja a NP-F, ma adaputala apadera, ma ambulera oyera ndi zomangira nyale pa sitandi. Wojambula akapeza katundu woona kwa inu adzabweranso ndi anzake, chifukwa ife timauzana.

Kwa makomiti a maukwati, eni maholo ndi akuluakulu a mipingo, mutithandizeko. Mukamalemba wojambula, mufunseni za nyale monga mmene mumamufunsira za kamera, ndipo muoneni kanema wake wa madzulo, osati wa panja masana wokha. Okongoletsa asamaike tebulo la akwati kutsogolo kwa windo lowala, chifukwa kamera ikatsata kuwala kwa windo akwatiwo amasanduka zithunzithunzi. Ngati holo ili ndi machubu ena oyera, ena achikasu, ena ophethira, kugula mababu a mtundu umodzi a kutsogolo kokha si ndalama yambiri. Mipingo yambiri tsopano ikuulutsa mapemphero pa Facebook, ndipo yagula zokuzira mawu zamphamvu, koma guwa lili mu mdima. Nyale ziwiri zabwino zomangidwa m'mwamba, kumanja ndi kumanzere kwa guwa, zolozera pansi mopendekera, zingathandize akhristu odwala ndi amene ali kunja kuona nkhope ya amene akuwalalikira. Ndipo wojambula akapempha mphindi zochepa kuti aike sitandi mwambo usanayambe, musamuone ngati wovuta.

Ndikanakondanso kuti masukulu ophunzitsa ntchito zamanja ndi zofalitsa nkhani, monga Mzuzu Technical College ndi Mzuzu University, pamodzi ndi a Film Association of Malawi, aziitanako ojambula a m'makwalala ku maphunziro afupiafupi a kawunikidwe ka khungu lakuda. Maphunziro ambiri a pa YouTube amene achinyamata athu amaonera amachitikira pa nkhope za azungu, m'zipinda zokhala ndi magetsi osathima, ndipo manambala amene amapereka sagwira bwino pa mkwatibwi wa ku Zolozolo wovala zoyera m'tchalitchi cha malata.

Pomaliza ndiyankhule ndi anzanga a ntchito. Si aliyense angakwanitse nyale zitatu, koma anthu anayi okhulupirirana angathe. Mmodzi akhale ndi COB ndi softbox, wina mapanelo awiri, wina mabatire ndi machaja, wina masitandi, n'kumabwerekana pa mtengo wogwirizana, wowononga n'kukonzetsa. Loweruka maukwati amawombana, izo n'zoona, koma nyimbo za makwaya, zotsatsa malonda ndi zocheza ndi anthu zimajambulidwa mkati mwa sabata, pamene nyale zambiri zimangokhala pansi pa bedi. Ife a ku Chibavi ndi ku Chiputula tayamba kutero, ndipo tikufuna kuti nyengo ya maukwati ikamayandikira tidzakumane tsiku lina mkati mwa sabata, aliyense ndi nyale zake ndi mabatire otchaja, tidzaziyese imodziimodzi pa nkhope ya munthu mmodzi ndi kamera imodzi, n'kulemba zimene zapambana ndi kumene zinagulidwa. A ku Luwinga, Katoto, Mchengautuba ndi Katawa, mukamva uthengawu m'magulu athu a WhatsApp mudzabwere, ngakhale amene ali ndi foni yokha.

Wojambula makanema,
Chibavi, Mzuzu